Galimoto Ikakugundani Muli pa Njinga, Adzakulipani Ndani?

Inu abale athu a m'mphepete mwa nyanja, a ku Benga ndi ku Chia, a pa boma ndi ku Lozi, a ku Dwangwa kufikira ku Dwambazi, tiyerekeze kuti ndi m'mawa wa mwezi wa June ndipo mpunga mwamweta kale. Mwamanga thumba limodzi pakaliyala, ndipo muli kupalasa njinga yanu kunka ku msika. Muli kuyenda kumanzere, m'mphepete mwenimweni mwa tala, monga muchitira masiku onse. Kumbuyo kwanu kuli kubwera minibasi yothamangira anthu a pa siteji ya kutsogolo, ndipo kumaso kuli kubwera lole. Woyendetsa minibasi safuna kudikira kuti loleyo idutse. Potsitsimuka mupezeka muli m'ngalande, mwendo wosaponda pansi, tayala la kutsogolo litapindika, mpunga uli mbwee pa msewu.

Woyendetsa uja atsika. Si munthu wamwano ayi: agwada, apepesa, nakunyamulani kunka nanu ku chipatala. Pochoka akufumbatitsani K30,000, nati, "Bambo, iyi ndi ya sopo ndi shuga. Za ku polisi tisiye, tithane pachibale." Inu muthokoza, pakuti kwathu kuno munthu wopepesa sitimbweza. Koma papita miyezi itatu mwendo ukali m'chikhakha, munda wa chinangwa walowa thengo, dimba silinabzalidwe, mwana wa ku sekondale wabwezedwa chifukwa cha fizi, ndipo foni ya mbale wanu watsopano uja siikupezekanso.

Zotere si zachilendo m'dziko lathu. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, mu lipoti lake la chaka cha 2018 linayerekeza kuti m'Malawi anthu 31 mwa anthu 100,000 alionse amafa pa msewu pa chaka, ndipo chiwerengero chimenechi chinali m'gulu la zokwera kwambiri pa dziko lonse. Mwa akufawo, pafupifupi theka anali oyenda pansi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anthu 6 alionse anali wa pa njinga. Otsala ndi chilema ndiwo ochuluka koposa akufa. Ambiri a iwo sanalandire kanthu, osati chifukwa lamulo linawakana, koma chifukwa panalibe wowauza khomo loti akagogode. Khomo limenelo ndilo tifuna kukusonyezani lero.

NJINGA NAYO ILI NDI MALO AKE

Akuluakulu akumbukira nthawi imene boma lino linkalembedwa kuti Kota Kota, pamene wa ulendo wautali ankadikira sitima ya Ilala, ndipo njinga ya Humber kapena Raleigh imene munthu anabwera nayo kuchokera ku Salisbury kapena ku Joni inali mfumu ya msewu. Galimoto inkadutsa mwa apo ndi apo, ndipo fumbi lake linkaoneka ikali kutali. Lero pa msewu wa M5 padutsa malole a shuga a ku Dwangwa, kumene fakitale inayamba kugaya nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, padutsa mabasi a ku Mzuzu, maminibasi a ku Salima, magalimoto a nsomba othamangira msika usipa usanaonongeke, ndi njinga zamoto zosawerengeka. Kwa zaka zambiri msewu umenewu unali wopapatiza, m'mbali mwake modyeka, ndi milatho yodutsa galimoto imodzi yokha. Ndipo taona tonse kuti pamene msewu wakonzedwa bwino ndi pomwe oyendetsa athamanga koposa.

Koma kuchuluka kwa magalimoto sikunachotse njinga pa msewu. Lamulo la Pamsewu la chaka cha 1997 liwerengera njinga yakapalasa m'gulu la zoyenda pa msewu, ndipo wokwerapo ali ndi ufulu woyenda kumanzere kwake monga aliyense. Alipo oyendetsa amene aganiza kuti akaliza hutala, wa njinga ayenera kudzigwetsa m'thengo ndi katundu wake yemwe. Hutala ndi chenjezo chabe. Si chilolezo chogunda munthu. Woyendetsa galimoto ali ndi udindo woyang'ana kutsogolo, woyenda pa liwiro loti akhoza kuima, ndiponso wosiya mpata wokwanira popitirira njinga. Ngati mpata palibe, adikire. Akalephera zimenezi navulaza munthu, akhoti amati wayendetsa mosasamala, ndipo wosasamalayo ayenera kulipira zimene waononga.

Lamulo lomwelo linena kuti ngozi ikachitika woyendetsa aime, aone ngati pali wovulala ndi kumthandiza, apereke dzina lake ndi kumene akhala, ndipo akanene ku polisi msanga. Tsono woyendetsa amene akutengerani ku chipatala wachita bwino, ndipo mthokozeni. Koma dziwani kuti wangochita zimene lamulo limfunsa. Sikuti wakulipani.

MILANDU NDI IWIRI

Apa ndi pamene anthu ambiri asokonezeka, choncho mvetsetsani. Pa ngozi imodzi pabuka milandu iwiri yosiyana.

Woyamba ndi wa Boma. Apolisi a pa msewu ayeza malo a ngozi, nafunsa mboni, ndipo akaona kuti woyendetsa analakwa amuimba mlandu woyendetsa mosasamala. Akapezeka wolakwa alipira faindi, kapena alandidwa laisensi, kapena amangidwa kumene. Faindi imeneyo ipita ku thumba la Boma. Inu simulandirako ngakhale tambala, pokhapokha khoti litalamula kuti gawo lina la faindiyo liperekedwe kwa inu. Timamva anthu akudandaula kuti, "Anamlipiritsa ku khoti, koma ndalamazo ife sitinazione; apolisi adya." Ngati khoti silinalamule kuti mulandireko, sizinadyedwe ayi, sizinali zanu chiyambire.

Wachiwiri ndi wanu, wofuna chipukuta misozi. Umenewu apolisi sakuyambitsirani, ndipo a mfumu sakuyambitsirani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukhoza kuuyamba ngakhale woyendetsayo atalipira kale faindi, ndipo mukhoza kuuyamba ngakhale Boma litamasula munthuyo, chifukwa umboni wofunika kuti munthu alipire mnzake ndi wopepukirapo kusiyana ndi umboni womangira munthu.

Mwina mufunsa kuti, nanga mnyamata woyendetsa minibasi ya eni ake, wogona m'nyumba ya lendi, ndalama zondilipira adzazitenga kuti? Funso labwino. Yankho lake ndi lakuti wolipira si iye yekha. Ngati anali pa ntchito ya bwana wake pa nthawi ya ngozi, bwanayo nayenso ali ndi mlandu, angakhale anali m'tulo ku Lilongwe. Ndipo kumbuyo kwa onse awiri kuli kampani ya inshuwalansi.

KAPEPALA KA PA GALASI

Mukayang'ana pa galasi la kutsogolo la galimoto iliyonse mudzaona timapepala tomatidwa. Kamodzi mwa ito ndi ka inshuwalansi, ndipo kamalembedwa dzina la kampani ndi tsiku lothera. Ndime 141 ya Lamulo la Pamsewu iletsa kuyendetsa galimoto pa msewu popanda inshuwalansi yotetezera anthu ena, imene oyendetsa amaitcha third party, ndiko kuti ya munthu wachitatu. Woyamba ndi mwini galimoto, wachiwiri ndi kampani, wachitatu ndinu amene simunali nawo pa pangano lawo, koma mwagundidwa. Chaka ndi chaka mwini galimoto amapereka ndalama ku kampani monga NICO General, Reunion, General Alliance, Britam ndi ena, kuti tsiku limene galimoto yake idzavulaza munthu, kampaniyo idzalipire. Ndiye kuti ndalama yolipira mwendo wanu inaperekedwa kale inu musanagundidwe.

Taonani tsono chifukwa chake woyendetsa achonderera kuti muthane pachibale. Aopa faindi, aopa laisensi yake, aopa bwana wake. Mantha akewo ndi omveka, koma mtengo wake ukugwera inu. K30,000 ya m'thumba mwake ndiyo imene ikutsekerani khomo la ndalama zimene zikanakuthandizani chaka chathunthu chosalima.

Ndime 148 ya lamulo lomwelo ipatsa wovulala mphamvu yofunsa kampaniyo mwachindunji, m'dzina lake, ndi kuisumira ku khoti ngati ikana. Simufunika chilolezo cha mwini galimoto. Koma kampani imalipira kufikira pa malire amene analembedwa m'pangano lake. M'milandu yambiri imene inazengedwa ku Khoti Lalikulu m'zaka za m'ma 2010, malirewo anali K5,000,000. Khoti likagamula zoposa malire, zotsalazo zifunsidwa kwa mwini galimoto ndi woyendetsa. Chifukwa chake maloya posuma amalemba maina a onse atatu.

Ana athu amene ali pa ntchito ku South Africa adzakuuzani kuti kumeneko kuli thumba lotchedwa Road Accident Fund, limene ndalama zake zichokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo limalipira ovulala pa msewu. Kuno kwathu njira ndi ya inshuwalansi ya galimoto imene yakugundaniyo. Popanda kudziwa galimotoyo, palibe poyambira.

NAMBALA, MBONI NDI MAPEPALA

Kotero chinthu choyamba pa malo a ngozi, wovulala atathandizidwa, ndi nambala ya galimoto. Wovulalayo kawirikawiri sangathe kuiwerenga. Ntchito imeneyi ndi yanu inu amene mwathamangirako. Musangoti, "Inali yoyera, ya KK." Magalimoto oyera a KK ndi ambiri m'boma muno. Lembani zilembo ndi manambala onse, pa pepala, pa dzanja, ngakhale pa mchenga ndi kamtengo mpaka cholembera chipezeke. Wokhala ndi foni yojambula ajambule nambalayo, kapepala ka pa galasi, pamene pagwera njinga, ndi mikwasa ya matayala pa tala. Lembaninso maina a anthu awiri kapena atatu amene anaona ndi maso, ndi midzi yawo. Amayi ogulitsa nsomba kapena mandasi pambali pa msewu ndiwo mboni zabwino, pakuti amapezeka pomwepo tsiku ndi tsiku.

Pano tinene mawu amodzi owawa. Pali chizolowezi choipa chakuti galimoto ikagunda munthu, anthu athamangira miyala ndi zibonga, ena mpaka kufuna kuitentha. Mkwiyo tiumvetsa. Koma chizolowezi chimenechi ndicho chimathawitsa oyendetsa, ngakhale amene akanaima ndi kunyamula wovulala. Mukamenya woyendetsa, apolisi pofika ayamba ndi mlandu wanu, mboni zibalalika poopa kumangidwa, ndipo m'bale wanu wovulalayo atsala wopanda womuikira umboni.

Nkhani ikanenedwe ku polisi tsiku lomwelo: a kumwera ndi a pafupi ndi boma ku polisi ya Nkhotakota, a ku Dwangwa ndi kumpoto ku polisi ya Nkhunga, kapena pa polisi yaing'ono iliyonse imene ili pafupi. Musadalire kuti woyendetsa akanena yekha. Akanena yekha, akanena za mbali yake. Apolisi akatha kufufuza amalemba lipoti la ngozi, lonena tsiku, malo, nambala ya galimoto, mwini wake, kampani ya inshuwalansi, ndi amene iwo aona kuti analakwa. Lipoti limeneli limalipiridwa. Lipirani pa ofesi, ndipo landirani lisiti la Boma. Mukalandira lipotilo, wina wodziwa Chingerezi akuwerengereni musanachoke, kuti ngati dzina lanu kapena tsiku zalakwika zikonzedwe pomwepo. Chilembo chimodzi cholakwika chikhoza kukuyendetsani miyezi.

Pepala lachiwiri ndi la ku chipatala. Pitani ku chipatala tsiku la ngozi, ngakhale muone ngati mwangosupuka. Kupweteka kwa mutu, kwa msana ndi kwa m'mimba nthawi zina kumadzaonekera patapita masiku, ndipo ngati m'buku lanu la ku chipatala simunalembedwe kuti munagundidwa tsiku lakuti, kampani idzati matendawo munali nawo kale. Kaya ndi pa chipatala cha boma cha Nkhotakota, kaya pa St Anne's, kaya mwatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, onetsetsani kuti zonse zilembedwa m'bukumo. Tidziwa kuti m'midzi muli akatswiri omanga mafupa ndi timitengo ndi mankhwala a makolo, ndipo ena amawakhulupirira koposa chikhakha. Sititsutsana nanu za mankhwalawo lero. Tingoti sing'anga wa kumudzi salemba lipoti limene khoti lingalandire.

Mukachira, kapena adokotala akaona kuti kuchira kwafika pamene kungafike, pemphani lipoti la chipatala. M'menemo amalemba mabala anu, chithandizo chimene munalandira, ndi kukula kwa chilema chotsala, mwa magawo a pa 100. Musafulumire kulitenga mwendo ukali m'chikhakha, chifukwa pa nthawiyo palibe adziwa ngati mudzayenda bwino kapena motsimphina.

Zotsala ndi zazing'ono koma zofunika: malisiti a mankhwala, a ndodo zoyendera, matikiti a basi popita ku chipatala. Pamene palibe lisiti, lembani m'kope tsiku ndi ndalama. Njinga yopindikayo musaigulitse kwa ogula zitsulo, ndipo musaikonzetse isanajambulidwe. Wokonza njinga akulembereni mtengo wa zimene zaonongeka. Zonsezi muike m'jumbo imodzi ndi kupachika pamene chiswe ndi mvula sizifika. Popereka mapepala kwa munthu aliyense, perekani a fotokope, enieniwo akhale ndi inu.

KODI AMALIPIRA CHIYANI?

Ambiri aganiza kuti chipukuta misozi ndi kubweza ndalama za mankhwala basi, ndipo poti pa chipatala cha boma salipira, amati palibe chofunsa. Si choncho. Akhoti amalipiritsa ululu ndi kuzunzika kumene mwapirira. Amalipiritsa zinthu zimene munkachita ndipo simungathenso kuzichita, monga kupalasa bwato, kusenza mtolo, kugwada popemphera kapena kumenya mpira. Amalipiritsa zipsera ndi kupunduka kwa thupi. Amalipiritsanso ndalama zimene mwataya posagwira ntchito, ndi zimene mudzalephera kupeza m'tsogolo.

Mlimi asadziderere kuti alibe malipiro a pa mwezi. Khasu ndi ntchito, ukonde ndi ntchito, kabaza ndi ntchito. Chofunika ndi kusonyeza zimene munkapeza. Ngati muli mu kalabu ya mpunga kapena mu sikimu ya ku Bua, kaundula wa kumeneko asonyeza matumba amene munkakolola. Ngati muli pa kabaza, wapampando wa pa siteji yanu akhoza kuikira umboni. Ngati munalemba aganyu kuti akulimireni chifukwa cha mwendowo, lembani maina awo ndi zimene munawalipira. Munthu amene anakwera pakaliyala monga pasinjala nayenso ali ndi mlandu wakewake, wosiyana ndi wa wopalasa. Mwana wamng'ono amamuimira kholo lake kapena womlera.

Palibe mtengo woikika wa mwendo kapena dzanja. Mlandu ukafika ku Khoti Lalikulu, kumene milandu ya ndalama zambiri imapita, woweruza amayerekeza kuvulala kwanu ndi milandu ina yofanana imene inagamulidwa posachedwa, naganiziranso kugwa kwa mphamvu ya kwacha. Munthu amene akuuzani pa tsiku loyamba kuti, "Apa mudya zakutizakuti," ali kungolota, kapena ali ndi chimene afuna kwa inu.

PAKAGWA MALIRO

Ngati wogundidwayo wamwalira, mlandu sufera naye limodzi. Lamulo lilola kuti afunsidwe malipiro a moyo umene wadulidwa, ndi a chithandizo chimene omdalira ataya, pamodzi ndi zimene zinaonongedwa pa maliro. Mwini galimoto akabweretsa bokosi, thumba la ufa ndi galimoto yonyamula thupi, landirani. Ndi chipepeso cha umunthu, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma pa siwa pasalembedwe kalata yakuti nkhani yathera pomwepo. Funsani kalata ya imfa ku chipatala ndi lipoti la apolisi, ndipo mupite ku ofesi ya a DC kuti akulangizeni za kalata ya woyang'anira chuma cha masiye.

Inu eni mbumba, amalume ndi achimwene a malemu, thandizani kuyendetsa mapepala, pakuti namfedwa sangathe kuyenda m'maofesi ali ndi chisoni. Koma dziwani kuti ndalama za omdalira lamulo linaziikira mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake ndi makolo ake. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 linena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womangitsa.

MLANDU UWU UMAWOLA

Makolo athu anati mlandu suwola, ndipo pa bwalo la a mfumu ndi zoona: mbuzi imene agogo anu anabwereka ikhoza kufunsidwa kwa inu mdzukulu. Koma mlandu wa ngozi ya pa msewu umawola, ndipo tsiku lake lowolera linalembedwa. Mphamvu yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji imatha pakapita zaka 2 kuchokera pa tsiku la ngozi. Mphamvu yosumira woyendetsa ndi mwini galimoto chifukwa cha kuvulala imatha pakapita zaka 3.

Chenjerani apa. Chimene chimaimitsa nthawi imeneyi ndi kulembetsa mlandu ku khoti. Kalata imene mwalembera kampani siimitsa nthawi. Mawu akuti "bwerani mwezi wamawa, fayilo yanu tikuiona" saimitsa nthawi. Munthu akhoza kuyenda ulendo wa ku Lilongwe kasanu, kugulitsa mbuzi kuti apeze ya basi, napezeka kuti zaka ziwiri zakwana akali kudikira yankho. Kukambirana ndi kampani ndi kwabwino, ndipo milandu yambiri imathera pamenepo osafika kwa woweruza. Koma chaka chikatha popanda chooneka, funani thandizo la loya tsiku lomwelo. Ngati galimoto yokugundani ndi ya Boma, ya nambala ya MG, wosumiridwa ndi Attorney General, ndipo lamulo lifuna kuti ayambe walandira chidziwitso cholembedwa mlandu usanalembetsedwe. Choncho pamenepo kufulumira kufunika koposa.

ADOBADOBA NDI CHIDINDO CHA CHALA

Mukagona m'chipatala masiku awiri, mwina kudzafika munthu wovala bwino, wonyamula chikwama, wodziwa kale dzina lanu, nanena kuti watumidwa ndi loya wa mumzinda. Adzakupatsani pepala la Chingerezi kuti mudinde chala, natenga buku lanu la ku chipatala, nalonjeza kuti inu mungokhala, ndalama zidzakupezani. Anthu otere ndi adobadoba. Kusakira loya makasitomala m'zipatala ndi koletsedwa pa malamulo a ntchito ya uloya. Alipo anthu amene milandu yawo inazengedwa, ndalama zinatuluka, eni ake osadziwa, ndipo analandira nyenyeswa chabe.

Maloya okhulupirika alipo ambiri, ndipo pa mlandu waukulu loya afunika ndithu. Koma mufuneni inu, mukafike pa ofesi yake, muone nkhope yake, ndipo akulembereni za malipiro ake ntchito isanayambe. Funsani nambala ya mlandu wanu. Ndalama zikatuluka, pemphani kuona kalata ya kampani kapena chigamulo cha khoti chonena kuchuluka kwake. Loya akakuchitani zachinyengo, kadandauleni ku bungwe la maloya la Malawi Law Society. Amene alibe ndalama zolipira loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2011 kuti ithandize osauka pa milandu; ili ndi maofesi ku Lilongwe, Mzuzu, Blantyre, Zomba ndi m'maboma ena, ndipo kalaliki wa pa khoti la majisitireti adzakulozerani ya pafupi. Kampani ya inshuwalansi ikakuzengerezani popanda chifukwa, woiyang'anira ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko amalandira madandaulo a anthu.

Pepala loopsa koposa onse ndi limene kampani kapena mwini galimoto amakupatsani polipira, lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu. Mukadinda chala pamenepo, khomo latsekeka, ngakhale mwendo utadzadulidwa chaka chamawa. Musadinde pepala limene simunalimve m'chinenero chanu, ndipo wokuwerengerani asakhale yemwe wabwera nalo. Mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, abusa kapena ashehe akhoza kukuwerengerani.

MBALI YANU INU A NJINGA

Tisanamizane, si ngozi zonse zimene wolakwa ndi wa galimoto. Taona njinga zitanyamula matumba a makala otambalala ngati ngolo, taona anyamata akupalasa atatu mogundizana mapewa akucheza, ena akugwirira kumbuyo kwa lole pokwera chitunda, ena akutuluka m'kanjira ka kumudzi kulowa pa tala osacheuka. Ndipo usiku, asodzi ndi ogula nsomba pochokera ku doko, njinga yakuda, malaya akuda, popanda nyali ngakhale kagalasi kofiira kumbuyo.

Lamulo lifuna kuti njinga ikhale ndi mabuleki ogwira, belu, nyali ya kutsogolo poyenda usiku, ndi chonyezimira chofiira kumbuyo. Izi ziteteza moyo, komanso ziteteza mlandu wanu. Khoti likapeza kuti inunso munathandizira ngoziyo, silikukanizani zonse, koma limadula malipiro monga mwa kulakwa kwanu. Mwachitsanzo, ngati kuvulala kwanu kuyenera K4,000,000, ndipo woweruza aona kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a kulakwa linali lanu chifukwa munalibe nyali, mudzalandira K3,000,000. Kagalasi ka mtengo wa mbale imodzi ya usipa kakudyerani K1,000,000. Komabe musagwe mphwayi ndi kusiya mlandu chifukwa woyendetsa wakuuzani kuti wolakwa ndinu. Wogawa kulakwa ndi woweruza, si iye.

Vuto lalikulu masiku ano ndi njinga zamoto za kabaza. Lamulo lizifuna nazonso kuti zikhale ndi nambala ndi inshuwalansi, koma zambiri ziyenda popanda zonse ziwiri. Yotere ikakugundani, mlandu ulipo ndithu, koma wolipira ndi woyendetsayo ndi mwini njingayo kuchokera m'thumba mwawo, ndipo kupeza ndalama kwa iwo ndi kovuta. Pamenepa dziwani dzina la mwini wake weniweni, pakuti anyamata ambiri amayendetsa njinga za mabwana. Ngati mwagwirizana kuti alipire pang'onopang'ono, pangano lilembedwe pamaso pa a mfumu ndi mboni, ndi masiku ake olipirira, ndipo lipoti la apolisi likhalepo ndithu, kuti akaleka kulipira mukhale ndi popondera ku khoti.

Inu a mfumu a kwa Malengachanzi, kwa Mwadzama, kwa Mphonde, kwa Kanyenda, kwa Kafuzira ndi kwa Mwansambo, ndi inu atsogoleri a makalabu ndi a masiteji a kabaza, m'midzi yanu muli anthu amene anagundidwa chaka chatha kapena dzana lake, ndipo angokhala pa khonde ndi ndodo. Afunseni tsiku limene ngoziyo inachitika. Ngati aiwala, lili m'buku lawo la ku chipatala. Werengani nawo miyezi, ndipo ngati siinakwane 24, atenge bukulo mawa apite ku polisi kukafunsa lipoti lawo.